Pensulo Kudzanja Lamanzere

Sukulu yathu inali m'shedi yakale yosankhiramo fodya, papulazi ina kufupi ndi Raffingora, kudziko la anthu oyankhula Chishona. Mwini pulazi atamanga shedi yatsopano, yakaleyo anaisiyira ana a m'komboni, ndipo fungo la fodya anatipatsa laulere. Mvula ikayamba kugunda pamalata tinkasiya kuphunzitsa, chifukwa ngakhale kukuwa sikunkathandiza. Ine ndinabadwira m'komboni momwemo, bambo anga atachoka ku Dedza kalekale. Nditamaliza Fomu 4 anandilemba uphunzitsi wongogwirizira, wa anthu osapita kukoleji, n'kundipatsa Giredi 4. Ndinali mtsikana wapakamwa, ndipo mpaka lero sindinachire.

M'kalasi imeneyo munali mtsikana wa kubanja lina la ku Tete. Makolo ake anabwera papulazipo nkhondo itavuta kwawo, iye ali kumsana. Ali wamng'ono anadwala malungo aakulu amene anamusiya dzanja lamanja litafooka. Zala zinkapindikira m'kati, ndipo akati agwire kanthu kakang'ono mkono wonse unkanjenjemera. Mutu wokha unalibe vuto. Funso ankayankha ine ndisanamalize kufunsa, m'Chishona kapena m'Chingerezi, ndipo nthawi zina ankandikonza ndikasokoneza masamu pabolodi, zomwe sindinganame kuti zinkandisangalatsa.

Vuto linali pa nthawi yolemba. Pensulo ankaifumbata ndi nkhonya yonse, lilime lili panja, thukuta lili pamphuno. Chilembo chimodzi chinkadutsa mizere ingapo, china n'kuboola pepala. Anzake ankamaliza n'kutuluka kukasewera iye akadali pachiyambi penipeni. Pa mayeso ankakhala womaliza. Aphunzitsi amene anamuphunzitsa ine ndisanabwere ankati ndi waulesi, ndipo ahedi athu anali atayamba kale kunena zoti abwereze kalasi. Ife a m'komboni tinkadziwa kumene kubwereza kunkathera. Mwana akabwereza kambirimbiri makolo ankatopa, kenako unkangomuona m'shedi yatsopano ija akumanga fodya pambali pa amayi ake.

Ndinayesa zanga. Ndinaboola chitsononkho n'kulowetsamo pensulo kuti ikule. Ndinakulunga ina ndi mphira wa chubu cha njinga. Kope lake ndinkalipanikiza ndi mwala kuti lisathawe. Zonsezi zinkangochepetsa mabowo papepala, koma zilembo zinkakhalabe ngati mapazi a nkhuku pamatope.

Tsiku lina pa nthawi yopuma ndinadutsa kuseri kwa shedi, kumene atsikana ankasewera phada. Ndinamupeza mtsikana uja atagwada akulemba pansi ndi kamtengo mayina a anzake, kuti asakangane za amene ayambe. Zilembo zake zinali zowongoka, zofanana msinkhu, zokongola kuposa zanga za pabolodi. Ankalemba ndi dzanja lamanzere. Atangondiona anabisa dzanjalo kumbuyo n'kufafaniza mayina onse ndi phazi.

Ndinasangalala ngati ndatola chinthu panjira. M'mawa mwake ndinaika pensulo kumanzere kwa kope lake n'kumuuza kuti alembe ndi dzanja lomwe lija. Anaiyang'ana pensuloyo osaikhudza.

"Ababa amakana," anatero motsitsa mawu.

Pamenepo m'pamene ndinaona kamzere kotuwa kozungulira pamkono wake wamanzere. Nditamufunsa anandiuza mosabisa, ngati nkhani wamba, kuti akaweruka kusukulu ababa ake amamumanga dzanjalo m'chiuno ndi kansalu mpaka dzuwa kulowa, kuti lamanja liphunzire ntchito. Kutunga madzi, kusesa, kutsuka mbale, zonse ankachita ndi dzanja lonjenjemeralo.

Mtima wanga unawira. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinapita kunyumba kwawo. Bambo ake anali osonkhezera moto m'mabalani owotchera fodya, munthu wamtali, wofiira maso chifukwa cha utsi, ndiponso mkulu mumpingo wawo wa Katolika. Ndinkayembekezera kupeza chilombo, koma anandipatsa mpando wawo iwo n'kukhala pachitini. Ndinayankhula zambiri, zina zosayenera mtsikana wa msinkhu wanga. Iwo anamvetsera mpaka nditatha mpweya, kenako anandiyankha mofatsa. Anati dzanja losapatsidwa ntchito limafa, ndipo mwanayo akangozolowera lamanzere, lamanjalo liumiratu. Anati mchimwene wawo anabadwa wamanzere, amayi awo anamumanga chimodzimodzi, ndipo anawongoka. Anandifunsa kuti mwana wamkazi wolumala dzanja, amenenso akupereka madzi kwa apongozi ndi lamanzere, adzamukwatira ndani iwo atamwalira.

"Aphunzitsi, inu mukhala naye chaka chimodzi," anatero. "Ine ndikuganiza za moyo wake wonse."

Ndinabwerera kwathu ndikutukwana chamumtima. Amayi anga atamva kumene ndinapita anandikalipira kuti ndawachititsa manyazi, mtsikana wosakwatiwa kukaphunzitsa mkulu wa mpingo kalereredwe ka mwana. Anawonjezera kuti bamboyo akunena zoona, ndipo anandikumbutsa kuti nanenso anandimenya kadzanja kamanzere kangapo ndili wamng'ono ndikamalandira nako chinthu. M'komboni monse, wa ku Malawi, wa ku Tete, ngakhale Mshona, panalibe amene akanaima mbali yanga. Lamanzere ndi dzanja la kuchimbudzi. Sulonjera nalo, sudyera nalo, sulandira nalo chinthu kwa wamkulu.

Ndinawavutitsa ahedi mpaka analembera ku ofesi ya maphunziro ku Chinhoyi, kumene kunali anthu oyesa ana ovutika kuphunzira. Tinadikira mpaka ndinaiwalako. Kenako tsiku lina nyengo yozizira anatulukira mayi wina wachikulire, wonenepa, atakwera ngolo ya thirakitala kuchokera pamsewu pamene basi inamusiya. Fumbi linali litamuyeretsa tsitsi ndi nsidze. Anatsika ndi chikwama chachikulu, n'kupempha madzi akumwa asanapereke ndi moni womwe.

Ahedi anali ataitanitsa kholo, ndipo bambo aja anabwera atavala jekete lawo la kutchalitchi. Anakhala pabenchi la ana pakona, mawondo ali m'mwamba, chipewa chili m'manja. Ana ena tinawatulutsa.

Mayiyo sanayambe ndi pensulo. Anacheza ndi mwanayo m'Chishona, kumufunsa za kunyumba, za ng'ombe za papulazi, za chimene amakonda kudya. Anamuwerengera kankhani n'kumuuza kuti akafotokozenso, ndipo mwanayo anakafotokoza n'kuwonjezeramo zake zomwe zinamuseketsa mayiyo. Anamupatsa buku kuti awerenge mokweza. Anamutchulira mawu kuti awatchule chilembo chimodzichimodzi ndi pakamwa, ndipo sanaphonye. Anamutseka diso limodzi, kenako linalo, n'kumuonetsa zilembo patali. Atatero anatembenukira kwa ine n'kunena kuti maso ali bwino, makutu ali bwino, mutu ndiye usanene, tsopano tione manja.

Anathira nthanga za maungu patebulo kuti azitole n'kuika m'botolo. Anamupatsa mikanda kuti atunge paulusi. Mwanayo zonsezi ankachita ndi lamanja, lamanzere ataliika pansi pa ntchafu n'kulikhalira. Nthanga zinkagwa pansi. Ulusi unkaphonya bowo. Kenako mayiyo anatulutsa zida za m'chikwama chija chimodzichimodzi: pensulo yonenepa ngati chala chachikulu, kamphira kovekera papensulo, lamba womangira pensulo kudzanja, thabwa lopendekeka loikapo kope, mapepala a mizere ikuluikulu. Chilichonse mwanayo ankachilandira mwaulemu ndi manja awiri, lamanja patsogolo, atapinda bondo, monga mwana woleredwa bwino, kenako lamanzere n'kulikhaliranso. Ankayesa ndi mtima wonse. Lamba uja anathandiza pang'ono, koma pofika pakati pa mzere mkono unali utatopa kale ndipo misozi inali italengeza.

Ine ndinalephera kupirira. Ndinanena mokweza kuti tikungomuzunza mwanayu, dzanja limene limalemba ndi limene walikhaliralo. Ahedi anatsokomola. Mayiyo anandiyang'ana, n'kuyang'ana bambo aja, kenako anatenga pensulo wamba n'kuiika patebulo mbali ya kumanzere.

"Nyora neruboshwe, mwanangu, usatye," anatero, kumulimbitsa mtima kuti alembe ndi lamanzere.

Mwanayo sanayang'ane pensulo. Anayang'ana bambo ake. Iwo anaimirira pang'onopang'ono, chipewa chili pachifuwa.

"Pepani madamu," anatero. "Mwanayu chizindikiro cha mtanda amachita ndi lamanja, ngakhale likunjenjemera choncho. Mawu oti anthu awerenge sangawalembe ndi dzanja lakuseri."

Ndinkayembekezera kuti mayiyo, pokhala wa boma, awaopseza ndi malamulo, ndipo kunena zoona ndinkafuna atatero. Koma iye anabweza pensulo ija m'chikwama n'kuyamba kucheza nawo za ntchito yawo, za nkhuni, za kutentha kwa m'balani. Kenako anawafunsa ngati analowapo mu ofesi ya papulazi n'kuona kalaliki akutayipa. Anavomera. Anawafunsa kuti kalalikiyo amatayipa ndi dzanja liti. Bambowo anaganiza kanthawi, n'kuyankha kuti onse awiri. Anawafunsanso ngati pamenepo pali mwano. Iwo anati ayi, makina ali ngati khasu, amagwiridwa ndi manja awiri. Mayiyo anati ku ofesi kwawo kuli tayipi yaing'ono yakale imene amabwereketsa kusukulu, ndipo ngati iwo alola, aitumiza. Bambowo anafunsa ngati lamanja lidzakhale ndi ntchito pamakinapo. Atauzidwa kuti lidzakhala nayo, analola.

Pomuperekeza kumsewu ndinamuuza mayiyo kuti sindinakhutire. Mwana ali ndi dzanja labwinobwino, pensulo ili m'sitolo, nanga chimakina n'chachiyani? Anandiyankha akupukuta thukuta kuti wayenda mapulazi ambiri, ndipo waona zida zabwino zitatsomekedwa kudenga chifukwa makolo sanazifune. Anati posankha chothandizira mwana suyesa mwana yekha, umayesanso nyumba imene akubwerera akaweruka. Mumtima ndinkati mayiyu ndi wamantha.

Tayipi ija inafika teremu yotsatira, pa lole ya sitolo, ili m'kabokosi kake kobiriwira, nambala ya boma italembedwa ndi penti pambali. Chilembo chimodzi chinkakanirira mpaka uchikoke ndi chala. Palibe mwa ife amene ankadziwa kutayipa, choncho tinapempha kalaliki kuti atisonyeze kalowetsedwe ka pepala. Zotsalazo mwanayo anadziphunzitsa yekha. Zala zamanzere zinkathamanga pazilembo zonse, ndipo nkhonya yamanja ija ntchito yake inali kugunda kachitsulo kotalika kosiyanitsa mawu. Poyamba ana ena sankamva chimene ndikuphunzitsa chifukwa cha phokosolo, ndipo anamupatsa dzina loti kalaliki. Pasanapite nthawi anazolowera, moti tsiku limene iye sanabwere kalasi inkamveka ngati pamaliro.

Mapepala tinkagwiritsa kuseri kwa makalendala akale a kampani ya feteleza. Liboni ya tayipiyo ikauma tinkaipaka inki ya chidindo cha ahedi, n'kudonthezapo mafuta a makina osokera a amayi anga. Manja anga ankakhala akuda sabata yonse, koma sindinkadandaula.

Tsiku loyamba limene ndinauza ana kuti alembe chimangirizo, anzake a mtsikanayo analemba mizere yochepa ya masiku onse ija, dzina langa ndine wakuti, ndimakhala pakuti. Iye anadzaza kalendala yonse. Analemba za njinga ya ahedi, mmene imalirira ikamatsika chitunda, ndi mmene ahediwo amatsokomolera asananene bodza loti alendo a ku ofesi akubwera mawa. Munalibe mpumiro ngakhale umodzi, Chingerezi, Chishona ndi Chichewa zili pamodzi ngati nyemba zosasankha. Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako ndinatuluka panja kukalira. Zaka zonse zija mwanayu anali ndi zonsezi m'mutu, ife tikumulembera ndi inki yofiira kuti alimbikire.

Chaka chimenecho sanabwereze. Ndinapempha kuti ndikwere nayo kalasiyo, ndipo ahedi analola, mwina pofuna kuti ndisiye kuwasokosera. Bambo ake anayamba kudzera kusukulu akamachokera ku mabalani, ngakhale sinali njira yawo. Sankalowa. Ankaima pafupi ndi zenera, akuda bii ndi mwaye, n'kumamvetsera kugogoda kuja. Kamzere ka pamkono kanazimiririka, chifukwa anati lamanja lapeza ntchito, kumanga n'kosafunikanso. Tikakumana panjira ankandivulira chipewa, ine n'kugwada, ndipo za mkangano wathu sitinazitchulenso. Ndinayamba kuvomera kuti mayi wa ku Chinhoyi uja sanali wamantha.

Komabe pensulo mwanayo sankaigwira ndi lamanzere. Masamu ankalemba ndi lamanja, atamanga lamba uja. Ndinkamuyang'anitsitsa kuseri kwa shedi pa nthawi ya phada, ndipo ndinaona kuti ngakhale pansi anasiya kulemba. Mayina ankalemba mnzake. Sindinadandaule nazo kwambiri, poti tayipi inalipo.

Kenako kunabwera chilala chachikulu chija. Damu la papulazi linauma, fodya anapserera m'munda, mabalani ambiri sanayatsidwe n'komwe, ndipo osonkhezera moto anakhala opanda chochita. Chapanthawi yomweyo kunamveka kuti nkhondo yatha ku Mozambique, ndipo mabanja a ku Tete anayamba kunong'onezana zobwerera. Bambo aja anapirira nyengo ina, koma ntchito sinabwerere mwakale. Abale awo anatumiza uthenga kuti munda wa makolo ulipo, ukungomera tchire. Mwanayo anali atatsala pang'ono kulowa Giredi 7.

Bambo ake anabwera kwa ahedi atavalanso jekete lija kudzapempha kuti makinawo apite ndi mwana. Ahedi sanali munthu woipa. Anawaonetsa nambala ya penti ija n'kufotokoza kuti ndi katundu wa boma, sangatuluke pasukulu, kuli bwanji kudumpha malire. Ine ndinakwera basi kupita ku Chinhoyi ndili ndi mawu okonzeka kale pakamwa. Mayi uja anandimvetsera, maso ake ali pansi. Anati ngakhale atafuna sangathe, komanso kuli mwana wina kumbali ya Guruve, wopanda zala zina chifukwa chopsa ndi moto, amene wakhala akudikira makina omwewo. Tayipi inali imodzi, ana anali ambiri. Ndinafunafuna woti ndimukalipire, ndipo sindinamupeze. Ndinabwerera ndi mkwiyo wanga wonse osaugwiritsa ntchito.

Tsiku lake lomaliza kusukulu mwanayo anatayipa mpaka belu kulira. Atamaliza anapukuta zilembo ndi kansalu, n'kutseka bokosi yekha, n'kukaliika patebulo la ahedi. Sanalire. Ine ndi amene ndinkayang'ana kudenga ngati ndikufuna pamene pakudontha.

Banja lawo linanyamuka m'mawa, pa lole imene inaima pasitolo kudzatenga mabanja angapo. Panali mitolo, mphasa, mapoto, nkhuku zomangidwa miyendo, amayi akulira n'kumasekanso. Ndinabweretsa makope ndi mapensulo angapo, chifukwa china choti ndimupatse ndinalibe. Ndisanafike pamene panali mwanayo, bambo ake ananditengera pambali. Anali ataonda m'miyezi imeneyo, ndipo jekete lija linkawakhuthukira. Anayamba ndi kuthokoza, akuzunguza chipewa m'manja. Anati afunsa kwa amene anapitako kale, ndipo kumudzi kwawoko sukulu ilipo ya pansi pa mtengo, koma makina otere kulibe ngakhale kwa a boma.

"Aphunzitsi, mupatseni kudzanja lomwe munkanena lija," anatero. "Ine ndalola. Ndikamuuza ine achita mantha, koma inu akumverani."

Mawu amenewo ndinawadikira zaka, ndipo ndinkaganiza kuti tsiku limene ndidzawamve ndidzavina. Sindinamve kukoma kulikonse. Ndinamuitana mwanayo, ndipo anabwera n'kugwada patsogolo pathu pafumbi. Makope ndinawaika pambali. Ndinatenga pensulo imodzi n'kuilozetsa kudzanja lake lamanzere, pafupi kwambiri moti inatsala pang'ono kukhudza zala.

"Landira ndi ili," ndinatero. "Ababa alola. Ukalembe nalo."

Anayang'ana bambo ake. Iwo anagwedeza mutu kuvomereza, ndipo ananenanso ndi pakamwa kuti landira mwanangu. Dzanja lamanzere linasuntha pang'ono pabondo pake, n'kuima. Ndinaona zala zikutambasuka kenako n'kupindikanso. Anali mtsikana wamkulu tsopano, mabere atayamba kumera, ndipo pozungulira ponse panali akuluakulu a m'komboni akuyang'ana. Anatambasula lamanja lonjenjemera lija, lamanzere n'kugwira pachigongono monga anaphunzitsidwira, n'kulandira pensuloyo ndi nkhonya.

"Zikomo aphunzitsi," anatero.

Bambo ake anatembenuka n'kuyamba kumangitsa chingwe cha mtolo umene unali womangidwa kale. Ine ndinafuna kunena kuti ayesenso, koma dalaivala anali ataliza hutala, ndipo anthu anayamba kukwera. Mwanayo anamukweza pamwamba pa mphasa, pakati pa amayi ake ndi nkhuku zija. Lole itayamba kuyenda anandibayibitsa ndi lamanja, pensulo ili m'nkhonya momwemo.

Tayipi inanyamulidwa sabata yotsatira pa ngolo ya thirakitala. Ndinaphunzitsa pasukulupo zaka zina zingapo, ndipo aliyense wochokera ku Tete amene ndinakumana naye ndinkamufunsa za banja limenelo. Palibe amene ankawadziwa. Kalata sinabwere, ndipo sindidziwa ngati ndi chifukwa cha kutalika kwa njira kapena chifukwa panalibe dzanja loilembera.